Mtengo wa Nyimbo Pakhomo Pathu

Anzanga amene mumasunga chikwama cha pakhomo, kuno ku Lifidzi ndi midzi yonse mpaka ku Domwe, pali ndalama imene ambiri a ife sitiilemba m'buku. Timalemba feteleza, mbewu ya kachewere, chigayo, sopo, mchere, makope a ana, chopereka cha kutchalitchi ndi chipepeso cha pamaliro. Nyimbo sitilemba, chifukwa ndalama yake imatuluka pang'onopang'ono, makumi awiri lero, khumi mawa, ndipo imadzera m'manja mwa ana. Ine ndimalemba. Mitengo imene nditchule ndi ya pakhomo panga. Panu ikhoza kusiyana ndi mametikali angapo, koma njira zimene ndalamayo imatulukira ndi zomwezo.

Ndiyambe ndi kaseti, popeza ambiri tidayambira pamenepo. Nkhondo ya kuno ku Mozambique itatha mu 1992, anthu a kuno adabwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu atasenza mapoto ndi mabulangete, ena atanyamulanso wailesi ya kaseti. Makutu athu anali atazolowera nyimbo za ku Malawi: Alleluya Band ya ku Balaka, Allan Namoko, Lucius Banda, kenaka Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Evison Matafale ndi Joseph Nkasa. Makaseti ambiri ankachokera kwa O.G. Issa, wogulitsa makaseti wa ku Malawi, nalowa kuno kudzera pa Kalomwe kapena pa msika wa Lizulu. Kaseti imodzi ndinkagula pa mametikali akale zikwi makumi awiri ndi zisanu. Mu 2006 boma lidachotsa maziro atatu pa ndalama yathu, choncho pa pepala mtengowo ndi makumi awiri ndi asanu okha. Koma kuwerengera kotero n'kudzinamiza, pakuti ndalama ya nthawi imeneyo inali yolemera. Muyeso wabwino ndi nkhuku. Kaseti imodzi inali mtengo wa nkhuku imodzi, ndipo nkhuku lero ndi mazana awiri ndi makumi asanu. Mitengo yonse yakale ndaisandutsa ndalama ya lero mwa njira imeneyi.

Makaseti anayi pa chaka, ndiye chikwi chimodzi. Pa zaka khumi, makaseti makumi anayi, zikwi khumi. Wailesi yake zikwi zitatu, ndipo idakhala zaka khumi, ndiye mazana atatu pa chaka. Lamba wa m'kati akatha, wokonza mawailesi pa msika ankalandira zana limodzi, kamodzi pa chaka. Chimene chinkadya ndalama kwenikweni ndi mabatire. Wailesi inkafuna akuluakulu asanu ndi limodzi, pa makumi awiri ndi asanu lililonse, ndiye zana limodzi ndi makumi asanu. Ukamamvera nkhani zokha mabatirewo ankatha mwezi ndi theka, koma ukamaliza kaseti ankatha masabata awiri, mawu a woyimba n'kuyamba kukoka. Ndiye mazana atatu pa mwezi, zikwi zitatu ndi mazana asanu ndi limodzi pa chaka. N'chifukwa chake tinkabweza tepi ndi bolopeni, osati ndi batani, ndi kuyanika mabatire padzuwa kuti atipatseko madzulo amodzi. Tikaphatikiza makaseti, wailesi, lamba ndi mabatire, chaka chinkadya zikwi zisanu. Kaseti sinali yotsika mtengo, ndipo amene amanena kuti inali yotsika adaiwala mabatire. Koma pakhomo tinali anthu khumi, kuwerengera agogo ndi ana a mlongo wanga, ndipo onse ankamva nthawi imodzi. Munthu aliyense mazana asanu pa chaka. Oyandikana nafe ankamva ulere, ndipo sindidawawerengere.

Za CD ndi DVD ndidutsa msanga, chifukwa zidadutsanso msanga. Chimbale chokha chinali makumi asanu pa msika wa Ulongwe. Koma chimbalecho chinkafuna pleya, chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Pleya inkafuna kanema, zikwi zinayi. Kanema ankafuna batire ya galimoto, zikwi zitatu ndi mazana asanu. Batire inkafuna sola, zikwi zitatu. Ndiye zikwi khumi ndi ziwiri nyimbo yoyamba isanamveke. Fumbi la mu Okutobala likalowa, chimbale chinkakandika, n'kumaima pakati pa nyimbo. Kaseti ikaduka tinkailumikiza, n'kutaya mawu awiri okha. Chimbale chikakandika, makumi asanu ena.

Tsopano mafoni. Vodacom idayamba m'dziko muno mu 2003, Movitel mu 2012, ndipo kuyambira pamenepo netiweki idafika m'midzi imene kale inalibe. Mu Febuluwale 2021 Spotify idatsegula ku Mozambique, ku Malawi ndi ku Zambia. Boomplay imabwera ili kale m'mafoni ambiri a Tecno ndi itel, ndipo YouTube ana amaidziwa asanadziwe kulemba kalata. A Spotify amati ali ndi nyimbo zoposa 100 miliyoni. Nyimbo iliyonse itakhala ya mphindi zitatu zokha, kuzimva zonse usana ndi usiku kungatenge zaka zoposa mazana asanu. Pakhomo pathu zimene zimamveka sabata ndi sabata ndi nyimbo zomwezomwezo, zosapitirira makumi atatu. Ndiye funso langa si lakuti kunjako kuli nyimbo zingati, koma lakuti makumi atatu amenewa ndimawalipira kangati.

Ana amati n'zaulere. Masamu ake ndi awa. Mphindi imodzi ya nyimbo imadya pafupifupi mega imodzi. Nyimbo ya mphindi zisanu, mamega asanu. M'buku langa giga imodzi ndimaiwerengera mametikali makumi asanu. Ya tsiku limodzi imatsikirapo, ya mwezi imakwererapo. Ndiye nyimbo zinayi ndi metikali imodzi, ndipo ola lathunthu, lofanana ndi kaseti mbali zonse ziwiri, ndi mametikali atatu. Kumva kamodzi n'kotsika mtengo ndithu. Koma ukamva mawa ulipiranso atatu, mkuja atatu ena. Ukapitirira pang'ono maulendo makumi asanu ndi atatu, walipira mtengo wa kaseti yonse, ndipo kaseti yatsopano ya Lucius Banda pakhomo pathu inkafika pamenepo miyezi itatu isanathe. Komanso ana samva mawu okha, amaonera ndi zithunzi zomwe. Zithunzi zimachulukitsa mamega kasanu, ngakhale zosaoneka bwino. Ola limodzi ndiye khumi ndi asanu, ndipo mtengo wa kaseti umakwana pa maulendo khumi ndi asanu ndi awiri. Mu mamega omwewo muli ndi otsatsa malonda amene amalowa pakati pa nyimbo; iwonso timawalipirira ife. Ndipo bandulo ya tsiku imafa nthawi yake ikakwana, kaya mamega atha kaya atsala.

Pakhomo panga pali mafoni awiri a intaneti, ya mnyamata ndi ya mtsikana. Yanga ndi ya mabatani, siyilowa m'masamu awa. Foni iliyonse imadya mazana awiri ndi makumi asanu pa mwezi, awiriwo mazana asanu, pa chaka zikwi zisanu ndi chimodzi. Theka ndalipereka ku sukulu, ku WhatsApp ndi ku mauthenga a abale amene ali ku Tete ndi ku Johannesburg, chifukwa zimenezo n'zofunika. Theka linalo ndi nyimbo: zikwi zitatu. Magetsi sadafike kwathu, choncho timatchajitsa pa golosale, khumi foni imodzi. Foni yoliza nyimbo imafuna kutchaja kawiri koonjezera pa sabata. Mafoni awiri, makumi anayi pa sabata, zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi pa mwezi, chikwi chimodzi, mazana asanu ndi anayi ndi makumi awiri pa chaka. Foni yotsikitsitsa ndi zikwi zinayi ndipo imakhala zaka ziwiri. Awiriwo, zikwi zinayi pa chaka. Theka la nyimbo, zikwi ziwiri. Mahedifoni ndi zana limodzi, ndipo amafa khutu limodzi miyezi inayi isanathe: mazana asanu ndi limodzi pa chaka. Galasi limasweka kamodzi pa chaka, chikwi chimodzi. Theka lake mazana asanu. Zonse pamodzi, zikwi zisanu ndi zitatu ndi makumi awiri. Thumba la feteleza ndidagula pa zikwi ziwiri ndi mazana asanu. Ndiye matumba atatu, n'kutsala mazana asanu ndi makumi awiri a aganyu opalira.

Akumva ndi angati? Awiri, aliyense ndi mahedifoni ake. Munthu mmodzi zikwi zinayi ndi khumi, pamene pa kaseti anali mazana asanu. Mtengo wakwera kasanu ndi katatu pa munthu, ndipo amayi a ana, amene amagulitsa nyemba kuti mamegawo agulidwe, samvako ngakhale nyimbo imodzi. Izi zimandiwawa kuposa ndalamayo. Kale mwana ndi agogo ake ankadziwa nyimbo imodzimodzi, n'kumakanganirana kuti tiike mbali iti. Lero sindidziwa zimene mwana wanga akumva, ngakhale ndine ndikulipira. Sipika ya Bluetooth imathandizako, koma ndi mazana asanu ndi atatu ena, ndipo nayonso imafuna kutchaja.

Pali njira yolipira pamwezi, imene imachotsa otsatsa malonda ndi kulola kuti nyimbo zisungidwe m'foni. Imeneyi imachepetsadi mamega. Koma kawirikawiri imafuna khadi la ku banki, ndipo banki ili ku Ulongwe. Tiike mazana awiri pa mwezi. Pa chaka, zikwi ziwiri ndi mazana anayi. Pa zaka khumi, zikwi makumi awiri ndi zinayi, mtengo wa makaseti makumi asanu ndi anayi, ndi asanu ndi limodzi. Mwezi umodzi wokha ukalephera kulipira, nyimbo zosungidwa zija zimatsekeka, ngakhale zili m'foni imene udagula ndi ndalama zako. Ngakhale ukulipira, ukatha masiku makumi atatu osalumikiza foni ku intaneti, Spotify imazitsekabe. Zili ngati munda wobwereka: ulipira chaka ndi chaka, ulima, ukolola, koma tsiku losiya kulipira munda ndi wa mwini wake. Ndipo ife tonse tikudziwa kuti m'chaka muli Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene mazana awiri amagula ufa.

Mtengo wa mamega nawonso suli m'manja mwathu. Mu Meyi 2024 bungwe loyang'anira za mafoni la INCM lidakhazikitsa mitengo yatsopano ya mafoni ndi intaneti, mabandulo opanda malire n'kutha. Ophunzira adachita zionetsero ku Maputo, ndipo patapita masabata angapo mitengoyo idaimitsidwa. Chaka chomwecho, zisankho za pa 9 Okutobala zitachitika, intaneti ya m'mafoni idadulidwa maulendo angapo kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala. Masiku amenewo bandulo ya pakhomo panga yogulidwa m'mawa inkafabe pa nthawi yake, nyimbo osamveka. Kaseti ukagula, mtengo wake watha tsiku lomwelo, ndipo palibe ofesi ku Maputo imene ingaukweze pambuyo.

Buku langa lili ndi mbali ziwiri, ya zotuluka ndi ya katundu amene watsala. Pa zaka khumi za kaseti zidatuluka zikwi makumi asanu. Mbali ya katundu ndidalemba wailesi imodzi ndi makaseti makumi anayi. Ena adabwerekedwa osabwerera, ena adadyedwa ndi wailesi, ena adachita nkhungu ndi chinyezi cha nthawi ya mvula. Atsala makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Chaka china cha njala wailesiyo idakhala pa pinyolo mwezi wathunthu, n'kubweretsa ndowa ziwiri za chimanga, ndipo ndidaiwombola titakolola. Malume anga atamwalira, makaseti awo adagawidwa pamodzi ndi makasu ndi njinga. Pa zaka khumi za mafoni, pa mtengo wa lero, zidzatuluka zikwi makumi asanu ndi atatu ndi mazana awiri. Mbali ya katundu ndidzalemba mafoni akufa asanu ndi atatu ndi amoyo awiri. Nyimbo sindidzalembapo. Mamega saikidwa pa pinyolo, sabwereketsedwa kwa mnansi, ndipo sagawidwa kwa adzukulu.

Komabe katundu wa kaseti ali ndi vuto lake. Lucius Banda atamwalira pa 30 Juni 2024, nyumba zambiri za kuno zidafuna kumva nyimbo zake sabata yonseyo. Makaseti ake ndinali nawo asanu ndi awiri, koma lamba wa wailesi adatha kalekale, ndipo okonza a masiku ano amadziwa mafoni okha. Tidamvera pa foni ya mnyamata, mametikali zana limodzi ndi makumi awiri sabata imeneyo, makaseti ali m'katoni pansi pa bedi. Wailesi ya kaseti yogwiritsidwa kale ntchito ikapezeka, ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, ndipo mabatire aja abwereranso m'buku.

Njira imene nyumba zambiri za kuno zidasankha zokha, popanda woziuza, ndi memore. Ya magiga asanu ndi atatu ndi mazana atatu, ndipo imalowa nyimbo zoposa chikwi chimodzi ndi mazana asanu. Wobena nyimbo pa msika amadzaza ndi makumi asanu. Memore zina n'zachinyengo, zina zimangofa, choncho ndimawerengera ziwiri pa chaka: mazana asanu ndi awiri. Kawailesi kolowa memore ndi fulashi, kokhala ndi kasola kake, ndi chikwi chimodzi ndi mazana awiri, ndipo kamakhala zaka zitatu: mazana anayi pa chaka. Zonse pamodzi, chikwi chimodzi ndi zana limodzi. Mabatire palibe, mamega palibe, kutchajitsa palibe, ndipo onse a pakhomo amamva. Anthu khumi, aliyense zana limodzi ndi khumi pa chaka. Kudimba imalira, pa chinkhoswe imalira, netiweki ikasowa imalirabe. Pa njira zonse zinayi, iyi ndiyo chikwama chathu chingathe.

Koma m'masamu amenewa mukusowa munthu mmodzi, mwini nyimbo. Pa kaseti yeniyeni, yokhala ndi chidindo cha COSOMA, bungwe la ku Malawi loteteza eni nyimbo, woyimba ankalandirako gawo lake. Ena mwa makaseti athu anali ongokopera, ndipo pa amenewo sankalandira kanthu. Pa memore, makumi asanu onse ndi a wobena; woyimba amene adalipira situdiyo, oliza magitala ndi transipoti sapeza ngakhale sentavo. Ku Malawi lamulo la 2016 lidaika msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, ndipo COSOMA imagawa ndalamazo kwa oyimba. Kuno tili ndi bungwe lofanana nalo la SOMAS, koma makumi asanu a pa msika wa Domwe sadzera kumeneko. Nyimbo chikwi ndi mazana asanu pa makumi asanu ndi kutsika mtengo kumene wina akukulipirira osafunsidwa, ndipo ine sindingakutche chilungamo.

Ena amati intaneti ndiyo imalipira woyimba. Tiwerenge ndi kwaya ya kumphakati kwathu. Oyimba makumi atatu adasonkha zana limodzi aliyense, zikwi zitatu, n'kukajambula nyimbo khumi. Amene amawerengera za Spotify amati nyimbo ikamveka maulendo 1,000, mwini wake amapeza madola atatu kapena anayi, ndipo omvera akakhala a m'maiko osauka amapeza ochepera apo. Dola imodzi ndi mametikali pafupifupi 64, ndiye tiike mazana awiri pa maulendo chikwi. Kuti zikwi zitatu zija zibwerere, pafunika maulendo zikwi khumi ndi zisanu. Ulendo uliwonse mamega asanu, ndiye magiga makumi asanu ndi awiri, ndi asanu. Giga imodzi makumi asanu. Omvera, amene ndife tomwe ndi abale athu, tilipira zikwi zitatu, mazana asanu ndi awiri ndi makumi asanu kwa ogulitsa mamega kuti kwaya ilandire zikwi zitatu. Apo sindidawerengere wolowetsa nyimbozo pa intaneti, amene amafuna madola. Komanso kuyambira 2024 nyimbo imene sidafike maulendo 1,000 pa miyezi khumi ndi iwiri Spotify siilipira n'komwe. Kwaya yathu idachita zina. Aliyense wofuna nyimbo adabwera ndi memore yake ndi zana limodzi. Mabanja makumi atatu atagula, ngongole idatha. Khumi otsatira adagulira kwaya ng'oma yatsopano. Ndipo nyimbo za ingoma, za chintali ndi za pamaliro monga timaziimbira kuno, pa nyimbo 100 miliyoni zija mwana wanga adafufuza, n'kupeza za kwina zofanana nazo. Zathu zili m'mamemore a amene adazijambula.

Chaka chino ndalemba motere. Kawailesi ka sola, chikwi chimodzi ndi mazana awiri. Mamemore awiri, wina wolizira wina wosunga m'sutikesi, mazana asanu ndi limodzi. Mnyamata wina wa ku Ulongwe ali ndi wailesi ya kaseti yamoyo ndi kompyuta, ndipo amasamutsa kaseti imodzi ndi makumi asanu. Makaseti anga makumi awiri ndi asanu ndi anayi, chikwi chimodzi, mazana anayi ndi makumi asanu, kamodzi kokha. Nyimbo za kwaya ndi za oyimba a kuno, zogula m'manja mwa eni ake kapena kudzera pa e-Mola ndi M-Pesa, mazana asanu. Mamega a sukulu ndi a abale ndipitiriza kulipira, zikwi zitatu. Mamega a nyimbo, wofuna akagwire ganyu yokumba kachewere. Mbali ya nyimbo yokha yakwana zikwi zitatu, mazana asanu ndi awiri ndi makumi asanu, ndipo chaka chamawa idzatsika chifukwa kawailesi ndi kusamutsa makaseti sizidzabweranso.

Watsala woyimba wa ku Balaka kapena ku Lilongwe, amene nyimbo zake zatsopano zili m'memore yathu ndipo sadalandire kanthu. Ndikufuna kumupatsa zana limodzi, monga ndidapatsira kwaya. Njinga yamoto kuchoka pano kufika pa Ulongwe ndi mazana awiri. Chapa, minibasi ya kuno, kufika pa Kalomwe, zana limodzi ndi makumi asanu. Minibasi kuchoka pa Dedza kufika kwa woyimbayo, ndikasintha ndalama kukhala makwacha, mazana atatu. Kupita ndi kubwera, chikwi chimodzi ndi mazana atatu, osadya m'njira. Ndiye zana lakelo ndalipatula, ndipo lidikira woyimbayo akadzabwera kudzaimba ku Ulongwe, kapena wachibale akamadzapita ku Dedza pa zifukwa zake ndi transipoti yake.